Leni yapadera ya galimoto zodziyendetsa zokha: imangidwe liti, ndipo alipire ndani?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndamva kuti m'maiko ena akufuna kupatula leni imodzi pa misewu ikuluikulu kuti muziyenda galimoto zodziyendetsa zokha basi. Ine ndimayendetsa galimoto wamba, ndipo msonkho ndimakhoma ngati wina aliyense. Kodi maganizo amenewa ndi anzeru? Msewu wotere amaukonza bwanji, nanga ndalama zake zichokere kuti? Sindikufuna kulipirira njira imene sindidzaloledwa kuyendamo."

Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Ndiyambe ndi kukuuzani pamene ndaima ine. Pakadali pano sindingalangize boma lililonse kuti lichotse leni yathunthu pamsewu wotanganidwa, usana ndi usiku, n'kuipereka kwa galimoto zodziyendetsa zokha. Galimotozo sindikuzikayikira ayi. Ndimakhulupirira kuti zidzapulumutsa miyoyo, ndipo bungwe la World Health Organization likamanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu chaka chilichonse, munthu wa ntchito ya misewu ngati ine sangapeputse chinthu chimene chingachepetse maliro amenewo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti msewu timaumangira zaka 40 kapena 50, pamene luso la m'galimotozo likusintha pakangopita zaka zochepa. N'chifukwa chake ndimaumirira zinthu ziwiri: pa nkhani imeneyi tisamange chinthu chimene sitingathe kuchibweza, ndipo amene akulonjeza kuti galimotozo zibwera zambiri ndiye aike ndalama zake pa lonjezo lakelo.

Timvetse kaye chimene chimawakopa mainjiniya. Leni imodzi ya msewu waukulu imadutsitsa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi 2,000 pa ola, zikachuluka kwambiri 2,400. Malire amenewa amachokera m'mutu mwa dalaivala. Munthu akaona magetsi a buleki a mnzake ayaka kutsogolo, pamadutsa kanthawi asanaponde yake, choncho amasiya mpata wa masekondi pafupifupi awiri. Ola lili ndi masekondi 3,600. Mukagawa ndi 1.8 mupeza 2,000. Tsono taganizirani galimoto zimene zikulankhulana pa wailesi, moti yakutsogolo ikangogwira buleki, zam'mbuyo zonse zamva nthawi yomweyo. Mpata uja ukatsika n'kufika pa masekondi 0.9, leni yomweyo ingadutsitse 4,000. Papepala ndiye kuti mwapeza leni yachiwiri osagula malo, osagumula nyumba ya munthu, osathira phula. Koma masamu amenewa amagwira pokhapokha galimoto zonse za mu mzerewo zikhale zamtundu umodzi. Ikangolowa pakati imodzi yoyendetsedwa ndi munthu, mzere waduka, ndipo yam'mbuyo iyenera kuisiyira mpata waukulu. Ganizo la leni yapadera linabadwira pamenepa.

Muzindikirenso kuti kudziyendetsa ndi kulankhulana n'zinthu ziwiri zosiyana. Galimoto imene ikudziyendetsa koma sikumvana ndi inzake kawirikawiri imasiya mpata waukulu kuposa umene madalaivala ambiri amasiya, chifukwa anaikonza kuti izichenjera. Mutadzaza leni ndi galimoto zotere, chiwerengero cha 4,000 chija simungachione.

Ganizoli si la lero. Mu Ogasiti 1997, pamsewu wa Interstate 15 ku San Diego m'dziko la America, akatswiri anaonetsa msewu umene anakwiriramo maginito, motalikirana mamita 1.2, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Galimoto zisanu ndi zitatu za Buick zinathamanga mondondozana pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, mpata pakati pake uli mamita 6.5 okha, madalaivala osagwira chiwongolero. Zinatheka, anthu anaona ndi maso awo. Komabe pasanathe chaka boma linasiya kuikamo ndalama. Luso linalipo, chimene chinasowa ndi yankho la funso lanu lomweli. Boma silikanakwirira maginito m'misewu yonse pomwe galimoto zowerenga maginitowo kunalibe, ndipo opanga galimoto sakanagulitsa galimoto yodziyendetsa pa makilomita 12 okha. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe.

Makampani amene anabwera pambuyo pake anatolapo phunziro. Analeka kudikira msewu, n'kulongedza zonse m'galimoto momwemo: makamera, radar ndi lidar (zipangizo zoyezera kutalika kwa zinthu ndi mafunde a wailesi komanso kuwala), mapu atsatanetsatane ndi kompyuta yamphamvu. Kampani ya matakisi odziyendetsa ya Waymo, ku America komweko, yakhala ikunyamula anthu popanda dalaivala ku Phoenix kuyambira 2020, kenako ku San Francisco ndi ku Los Angeles, m'misewu yomweyo moyenda njinga, anthu apansi ndi madalaivala osaleza mtima. Mu 2025 kampani ya Aurora inayamba kunyamula katundu pa mathiraki odziyendetsa pakati pa Dallas ndi Houston, m'maleni omwewo a aliyense. Onsewa sanadikire leni yawo. Ndipotu kwa kompyuta, msewu waukulu ndi wosavuta poyerekeza ndi m'kati mwa mzinda: onse akulowera kumodzi, palibe mphambano, palibe ana owoloka. Chovuta chake ndi liwiro, poti thiraki yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kuti iime, ndiye iyenera kuona patali kwambiri. Choncho wobwera ndi pulani ya leni yapadera lero ayenera kutiuza ngati akuzipatsa galimotozi chinthu chimene sizingayende popanda icho, kapena akungozitsegulira pothawira mdipiti umene ena tonse titsalemo.

Tiyeni tiwerenge limodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pa masamu awa. Tinene kuti msewu uli ndi maleni atatu mbali iliyonse, ndipo nthawi yopita kuntchito mumadutsa galimoto 6,000 pa ola. Mwachotsapo leni imodzi. Awiri otsalawo angakwanitse 4,000 basi. Kuti zinthu zingokhala monga zinalili kale, osapindula kanthu, leni yapaderayo iyenera kutenga galimoto 2,000, kutanthauza imodzi pa zitatu zilizonse. Nanga ngati zodziyendetsa zili 5 pa 100 zilizonse? Ndiye kuti 300 zikuyenda mwamtendere mu leni yopanda kanthu, pamene 5,700 zikulimbirana malo a 4,000. Mzere wake umatalika mphindi iliyonse, mafuta akupsa, utsi ukukwera, mabasi ndi ambulansi zili momwemo. Ndipo kufika pa imodzi mwa zitatu si nkhani ya mawa. Ku America, mu 2024, galimoto za pamsewu zinali ndi zaka 12.6 mukatenga pakatikati. Ngakhale galimoto iliyonse yatsopano ikanakhala yodziyendetsa kuyambira lero, zakalezo zikanatenga zaka zambiri kuti zichoke pamsewu.

Tili ndi mbiri yotiuza zimene anthu amachita akaona leni yopanda kanthu pambali pawo. Mu 1976 ku Los Angeles, akuluakulu anatenga leni imodzi mbali iliyonse pa Santa Monica Freeway n'kuipatulira mabasi ndi galimoto zonyamula anthu atatu kapena kuposa. Madalaivala anakwiya kwambiri, nkhani inapita kukhoti, ndipo patangotha masabata 21 zonse zinathetsedwa. Mu Novembala 1998 dera la New Jersey linatsegulira aliyense maleni otere pamisewu ya I-80 ndi I-287, anthu atadandaula kuti akungokhala opanda galimoto. Dziwani kuti m'maleni amenewo aliyense akanatha kulowa, bola atengane ndi anzake. Mkwiyo ungakhale wotani ngati chiphaso cholowera chili galimoto yodula imene anthu ambiri sangaigule?

Wina anganene kuti tisachotse leni ya anthu, timange yatsopano. Pamenepo ndalama zimakwera koopsa, makamaka m'mizinda momwe muyenera kugula malo, kukulitsa milatho ndi kusamutsa mapaipi. Komanso walira mvula walira matope: msewu ukakula, galimoto zimachulukanso. Akatswiri a zachuma Gilles Duranton ndi Matthew Turner anaonetsa mu 2011, atafufuza mizinda ya ku America, kuti mtunda umene galimoto zimayenda umakula pafupifupi mofanana ndi mmene misewu ikuluikulu yakulira. Katy Freeway ya ku Houston anamaliza kuikulitsa mu 2008 pa madola pafupifupi 2.8 biliyoni, koma m'zaka zochepa galimoto zinayambanso kuthithikana.

Tsopano za kakonzedwe. Zithunzi zokongola zimene amaonetsa m'misonkhano pafupifupi nthawi zonse zimakhala za pakati pa ulendo, galimoto zikuyenda mwadongosolo mu leni yowongoka. Ine ndikapatsidwa pulani yotere ndimathamangira kukaona polowera ndi potulukira, chifukwa mavuto amakhala kumeneko. Leni yapadera kawirikawiri amaiika m'kati, pafupi ndi chotchinga cha pakati pa msewu. Kuti galimoto ikafike m'menemo iyenera kudula maleni onse a anthu wamba, ndipo potuluka iyenera kudulanso. Choncho galimoto ija imene timati tikuiteteza kwa madalaivala, ikukumana nawobe pamalo oopsa kwambiri pamsewu wonse, pomwe aliyense akusintha leni. Njira yopewera zimenezi ndi kumanga milatho yolowera ndi kutulukira mwachindunji, ndipo milatho imeneyi imadya gawo lalikulu la ndalama. Ndiye pali kumapeto kwa ulendo. Galimoto 4,000 pa ola zikatsika mu msewu waukulu n'kukafika pa maloboti a mumzinda amene amadutsitsa ochepa, mzere umabwerera m'mbuyo mpaka kukatseka leni yomwe ija. Mdipiti mwangousuntha, simunauthetse.

Funso la chotchinga nalonso si laling'ono. Mzere wa penti ndi wotchipa ndipo mungaufufute mawa, koma sungaletse dalaivala wotopa ndi kudikira kudumphira m'kati mwadzidzidzi, kutsogolo kwa galimoto zothamanga moyandikana. Timitengo ta pulasitiki timathandiza pang'ono koma timathyoka kawirikawiri. Khoma la konkire limatchinga ndithu, koma limadya malo, ndipo galimoto imodzi ikafera m'katimo, zam'mbuyo zonse zatsekeredwa, pokhapokha mutasiya mpata wina woimikapo. Mukawerengera khoma ndi mpata umenewo, leni imodzi ija yadya malo a maleni pafupifupi awiri. Ndipo mu thiraki yopanda munthu mulibe woti atsike kukaika zizindikiro za ngozi kumbuyo. Pafunika gulu lokhala tcheru usana ndi usiku, ndipo gululo limafuna malipiro.

Nanga woyenera kulowa ndani? Bungwe la mainjiniya a galimoto la SAE International linagawa kudziyendetsa m'magawo kuyambira 0 mpaka 5. Zambiri zimene anthu amazitcha zodziyendetsa, monga Autopilot ya Tesla, zili pa gawo 2, pomwe dalaivala ayenera kukhalabe maso pamsewu nthawi zonse. Pa gawo 3 galimoto imayenda yokha pa nthawi zina koma ingathe kumuitana munthu kuti atenge chiwongolero. Mercedes-Benz inaloledwa zimenezi ku Germany mu 2021, poyamba pa liwiro losapitirira makilomita 60 pa ola. Pa gawo 4 mpamene galimoto imadzidalira yokha m'dera lake. Kamera ya pamsewu singaone ngati galimoto ikudziyendetsadi pa mphindi imeneyo kapena mwini wake wazimitsa n'kugwira yekha. Pafunika kaundula, chizindikiro cha pakompyuta chotsimikizira, ndi lamulo lonena amene ali ndi mlandu ikachitika ngozi. Zimenezi ziyenera kukhalapo penti isanathiridwe.

Tione zimene zachitikadi. Mu Ogasiti 2020 dera la Michigan ku America linalengeza za njira ya galimoto zotere pakati pa Detroit ndi Ann Arbor, mtunda wa makilomita pafupifupi 64, mogwirizana ndi kampani ya Cavnue. Mu 2022 kampaniyo inasonkhanitsa madola 130 miliyoni kwa oika ndalama, Ford ili m'gulumo. Chimene chinatsegulidwa mu 2024 ndi kachigawo koyesera ka makilomita pafupifupi 5 pamsewu wa I-94, kokhala ndi mapolo a makamera ndi zipangizo zina zoonera, ndipo galimoto wamba zinaloledwa kuyendamo. Ena amaseka kuti zaka zinayi zabala makilomita 5. Ine sindikuona cholakwa pa kuyamba pang'ono chonchi. Chofunika kuona n'chakuti ntchitoyo inasintha nkhope: poyamba ankakamba za njira yapadera, koma chimene chinaoneka chothandiza msanga ndi msewu umene ukuona chimene chagwera mu leni, galimoto imene yafa, kapena dzenje limene layamba, n'kuchenjeza mwachangu. Chenjezo lotere limathandiza aliyense, inu ndi galimoto yanu yomwe.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya ku Japan. Kumeneko anayamba ndi vuto lenileni: madalaivala a mathiraki akuchepa ndipo akukalamba, komanso kuyambira Epulo 2024 lamulo linaika malire a maola 960 pa chaka a ovataimu yawo. Katundu akufunika kuyenda, oyendetsa kulibe. Mu Malichi 2025, pa Shin-Tomei Expressway, anapatula leni imodzi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pakati pa Numazu ndi Hamamatsu kuti ayeseremo mathiraki odziyendetsa. Taonani mmene anachitira. Ndi usiku wokha, kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko m'mawa, masiku a ntchito, nthawi imene msewu uli ndi malo. Galimoto zina sanaziletse kotheratu, zimangoyenera kupatsa mpata. Sanamange khoma. Ndalama anaziika pa zipangizo zouza thiraki yolowa mu msewu za galimoto zimene zikubwera, ndi zochenjeza za zinthu zogwa kapena ntchito ya pamsewu imene ili kutsogolo kumene thirakiyo singaone. Zikakanika, angochotsa zikwangwani ndipo msewu ubwerera mwakale. Zikayenda bwino, awonjezera maola ndi mtunda. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pa ntchito imene tsogolo lake likusinthasintha, kayendedwe koyenera n'komweko.

Ndipo ngati cholinga chili kusuntha anthu, tiwerenge anthu, tisawerenge galimoto. Leni ya galimoto 4,000 pa ola, ngakhale muikemo anthu awiri mu iliyonse, yanyamula 8,000. Basi ya anthu 50 ikamadutsa masekondi 10 alionse, leni yomweyo yanyamula 18,000. Leni ya mabasi yolowera ku Lincoln Tunnel, pakati pa New Jersey ndi New York, yakhala ikugwira ntchito yotere m'mawa kuyambira 1970, madalaivala ake ali anthu. Choncho leni iliyonse yapadera imene ndingasainire iyenera kulola mabasi kuyambira tsiku loyamba. Pamenepo ngakhale munthu wopanda galimoto wapindula.

Tifike pa ndalama. Cholakwika chachikulu chimene ndachiona m'mapulani ambiri ndi kuika zonse mu thumba limodzi n'kutenga ngongole imodzi yaitali. Leni yotere ili ndi zinthu zitatu za moyo wosiyana. Pali phula, milatho ndi ngalande, zimene zimakhala zaka makumi angapo. Pali makamera, mawailesi ndi makompyuta a m'mbali mwa msewu, amene amakalamba m'zaka zochepa. Ndiye pali ntchito ya tsiku ndi tsiku: magetsi, intaneti, okonza zowonongeka, oteteza makompyuta kwa akuba, ndi oyang'anira m'chipinda choonera msewu. Gawo lachitatuli ndi limene limaiwalika pa tsiku lodula riboni, koma ndilo losatha.

Zimene zimathandiza aliyense, boma lilipire ndi msonkho wa aliyense, ndipo apa inu simuluza kanthu. Ndikunena mizere ya penti yooneka bwino usiku ndi pamvula, zikwangwani zofanana dziko lonse, phula losalala, malo oimikapo galimoto ikafa, ndi kulengeza msanga pakompyuta pomwe pali ntchito ya pamsewu. Kamera ya galimoto imafuna zimenezi, maso a dalaivala wokalamba amafunanso zomwezo. Pomanga msewu watsopano n'kwanzerunso kukwiriratu mapaipi opanda kanthu odzadutsitsamo mawaya m'tsogolo, chifukwa kukumba kachiwiri n'kodula kwambiri.

Zipangizo zapadera za galimoto zodziyendetsa n'zimene sindifuna kuti zigulidwe ndi ngongole ya boma ya zaka 30, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. Mu 1999 bungwe loyang'anira mafunde a wailesi ku America, FCC, linapatula gawo la mafundewo lokwana 75 MHz kuti galimoto zizilankhulana ndi msewu. Madera ndi mizinda ina anagula mawailesi olankhulirana a mtundu wotchedwa DSRC n'kuzipachika m'misewu. Opanga galimoto ambiri sanaziike m'galimoto zawo. Mu Novembala 2020 bungwe lomwelo linachotsa 45 MHz n'kupereka ku Wi-Fi, ndipo 30 MHz yotsalayo linailozetsa ku mtundu wina wa mawailesi wotchedwa C-V2X. Amene anagula msanga anatsala ndi zipangizo zofunika kusintha. Ngongole ikatalika kuposa moyo wa chinthu chimene mwagula, ana anu adzakhala akubweza ndalama za bokosi limene linazima kalekale. Zipangizo zotere zilipiridwe ndi makampani amene akupindula nazo, pa makontirakiti aafupi, zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo udindo wosintha zikakalamba ukhale wawo.

Msonkho wa pamafuta sungasenze katunduyu. Ku America msonkho wa boma lalikulu pa petulo unaima pa masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2008 thumba la misewu lakhala likuthiridwa ndalama zochokera ku misonkho ina kuti lisaume. Kuwonjezera apo, galimoto zambiri zodziyendetsa, monga za Waymo, ndi zamagetsi, sizigula petulo n'komwe. Mukamanga leni yawo ndi msonkho wa mafuta, ndiye kuti woyendetsa galimoto yakale akulipirira njira ya amene saponyamo kanthu. Kumeneko ndi kupanda chilungamo kumene inu mukukuopa, ndipo ine ndikugwirizana nanu. Njira yachilungamo ndi kulipiritsa pa kilomita, ndipo si yachilendo: Germany yakhala ikulipiritsa mathiraki motero kuyambira 2005, ndipo dera la Oregon linayamba mu 2015 kwa eni galimoto ofuna okha. Galimoto yodziyendetsa imadziwa kale pamene ili sekondi iliyonse, choncho kuilipiritsa pa mtunda n'kosavuta. Mtengowo uzikwera leni ikadzaza, ndipo ukhale wokwera kwambiri kwa galimoto yoyenda yopanda munthu kapena katundu. Popanda zimenezo tidzaona galimoto zopanda kanthu zikuzungulira m'misewu, kukatenga wina kapena kuthawa kulipira poimika, zikudya malo a anthu.

Ambiri amati tingoitana kampani imange ndi ndalama zake, izitolera yokha kwa odutsa. Zingatheke, koma werengani kontirakiti mpaka tsamba lomaliza. Mu 1995 ku California anatsegula maleni olipiritsa a makilomita 16 pakati pa msewu wa State Route 91, omangidwa ndi kampani. Mu mgwirizano munali chiganizo choletsa boma kukulitsa maleni aulere a m'mbali mwake, kuopa kuti kampaniyo ingaluze makasitomala. Galimoto zitachuluka, boma linapezeka lamangidwa manja pamsewu wake womwe, ndipo mu 2003 bungwe la zamtengatenga la Orange County linachita kugula maleniwo pa madola 207.5 miliyoni kuti limasuke. Pamene phindu la kampani likudalira kuti anthu a m'maleni aulere azivutika, mgwirizanowo wayamba kale molakwika.

Palinso nkhani ya kulosera. Kampani imene inamanga chigawo cha kummwera cha msewu wa SH 130 ku Texas inautsegula mu 2012, galimoto sizinabwere monga ankayembekezera, ndipo mu 2016 inalephera ngongole zake n'kukadzipereka kukhoti. Amenewo ankalosera za galimoto wamba, zimene timazidziwa kwa zaka zoposa 100. Nanga kulosera chiwerengero cha galimoto zodziyendetsa za zaka 25 zikubwerazi? Ford ndi Volkswagen anatseka kampani ya galimoto zodziyendetsa ya Argo AI mu 2022. General Motors inasiya kuika ndalama mu matakisi odziyendetsa a Cruise mu Disembala 2024. Kampani yopanga mathiraki ya Daimler inanena mu 2019 kuti kuyendetsa mathiraki mondondozana sikunapulumutse mafuta monga ankaganizira, n'kusiya kuikapo mtima. Eni ake a ntchitoyi akusintha maganizo chonchi, boma lisamange bajeti pa malonjezo awo. Oika ndalama amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake nthawi zambiri amapempha mgwirizano wina, woti boma liziwalipira chaka ndi chaka bola leni ili yotsegula ndi yosamalidwa, kaya mwadutsa galimoto kaya ayi. Florida inachita zotere pamsewu wa I-595 mu 2009, ndipo pamsewu wodzaza kale ndi galimoto njira imeneyi ili ndi malo ake. Koma pa leni ya galimoto zimene sizinabwere, ndiye kuti chiopsezo chonse chabwerera m'thumba mwanu, kampani ili phee.

Ngati kwanu kudzabwere pulani yotere ndipo mwaitanidwa kumsonkhano womva maganizo a anthu, pitani, ndipo musatengeke ndi zithunzi. Funsani kuti leniyo idzanyamula anthu angati ndi katundu wochuluka bwanji pa ola m'chaka choyamba, poyerekeza ndi mmene ikunyamulira lero. Funsani ngati mabasi, ambulansi ndi galimoto wamba zolipira zidzaloledwa m'menemo. Funsani amene adzakhale mwini wa zithunzi ndi uthenga wonse umene makamerawo adzatolere, komanso kuti adzausunga masiku angati, poti makamera oona galimoto zodziyendetsa akuonanso yanu. Funsani ngati galimoto za kampani iliyonse zidzagwiritse ntchito zipangizozo mofanana, kapena msewu wa anthu onse ukupangidwira mtundu umodzi. Ndipo musatuluke asanakuonetseni chiganizo chimodzi cholembedwa mu kontirakiti, chokhala ndi nambala ndi tsiku: kuti pofika chaka chakutichakuti, leniyo ikapanda kunyamula anthu ochuluka mwakuti, idzatsegulidwanso kwa aliyense, ndipo boma silidzalipira kampaniyo chipukuta misozi.